Msewu umene Che Uladi anadutsitsa m'munda mwanga

Alamu anga Che Uladi anabwera kwathu kudzakonza wailesi, basi osabwereranso kwawo. Wailesiyo inali ya malemu mayi athu, inkangolira ngati njuchi zili m'botolo. Anaikonza tsiku limodzi, koma anabweranso kawiri kudzamva ngati ikulankhulabe. Ulendo wachitatu ndinawauza kuti wailesi ili bwino, ngati akufuna Nafisa angonena. Nafisa ndi mng'ono wanga, chitsiriza m'mimba mwa mayi athu. Ine ndine Dalesi, woyamba kubadwa, ndiye minda ya mbumba yathu kuno kwa Kalembo imadutsa m'manja mwanga. Ngakhale pamene amalima Che Uladi ndinawalozera ndine.

Kwawo ndi ku Nkaya, kumene njanji zimagawikana. Bambo awo ankayenda m'njanjimo ndi sipanala yaitali kumanga mabawuti. Sukulu analekezera sitandade faifi, kundiposa ine ndi makalasi atatu okha, koma ukawamva akunena ungayese anafika ku Chancellor. Mawaya anayambira pa matochi a alonda a pa sitesheni, kenako mawailesi, kenako anakakhala zaka zambiri pa galaja ina ku Balaka akukonza magetsi a galimoto. Ndi munthu wamfupi, khutu lakumanzere silimva bwino, ndipo akamamasula chinthu amavula kofiya nkumaikamo timasikulu kuti tisatayike. Batire ya tochi amaiyesa ndi lilime mpaka lero.

Njala ya 2002 inawadyera zida zonse. Anagulitsa mapulayala, masipanala, chowotchelera, chimodzichimodzi, kutsala sikuludiraiva imodzi ya chogwirira chofiira chifukwa Nafisa anaibisa padenga. Atasowa chogwira anaphunzira kuyendetsa. Anayenda ndi minibasi ya Liwonde mpaka Mangochi kwa zaka, kenako bungwe lina logawa chakudya linawalemba kuti aziyendetsa pikapu yawo ku ofesi ya Balaka. Njala ya 2016 inawapeza ali kumeneko.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'chiuno. Ine m'munda monse ndinatulutsamo madengu awiri, zisononkho zambiri kuposa maso. Pofika Ogasiti tinali pa gaga. Pofika Okutobala tinkaphika mango osapsa, ndi phala la ufa wa malambe. Pa madengu awiri aja ndinasankha ngala zabwino, ndinatonola, ndinasakaniza ndi phulusa, nkusokera mu pilo. Ndinkagonera pamenepo. Aliyense m'nyumba ankadziwa kuti muli chimanga m'pilomo, ndipo aliyense ankadziwanso kuti wokhudza ndimudula dzanja. Mbewu yamakolo imeneyo, yolimba, ya mayi athu. Ina ndinalibe.

Tsiku limene ankaika makina aja ndinaliko. Ndinapita kuchipatala ku Balaka ndi bondo langali, ndiye pobwerera ndinakakhala pa mpanda wa ofesi yawo kudikira kuti alamu akaweruka andikweze. Bungwe linali litalandira makatoni asanu ndi atatu. M'katoni iliyonse munali kakompyuta ka m'galimoto, kukula ngati buku la kuchipatala, kutsogolo kwake galasi lokhalokha. Munthu wodziwa anachokera ku Lilongwe, anaika kamodzi m'galimoto ya bwana, anayang'ana wotchi, nkunyamuka. Che Uladi anali ataima kumbuyo kwake nthawi yonseyo, khutu labwino lili kutsogolo. Zotsalazo anati aika okha, ndipo panalibe wotsutsa chifukwa panalibenso wina.

Anayamba ndi pikapu yawo. Chogwirira chimene chinabwera m'katoni chinali cha mphira yomata pa galasi. Anachimata, anagwedeza galimoto ndi phewa, chinagwa. Anachiponya kumbuyo. Anatenga kachitsulo ka kaliyala ya njinga, anakapinda pa mwala, anakamanga ndi mabawuti awiri pa dashibodi, pansi pake anayala mphira ya chubu kuti mabampu asamakagwedeze kakompyutako. Chingwe cha moto chinali choti azilowetsa poyatsira fodya. Anati chimenecho chizizuka chokha pa msewu wa fumbi, ndiye anachidula, nkuchilumikiza kuseri kwa kiyi, pakati anaikapo fyuzi. Ukayatsa galimoto kakompyuta kadzuke, ukazimitsa kagone. Kenako panali eliyo, kanthu kakuda ngati bokosi la machesi, kokhala ndi maginito. Anakakhazika padenga, waya wake anaudutsitsa m'mphira ya chitseko.

Atayatsa, galasi linawala koma silinanene kanthu. Anadikira. Ine ndinawauza kuti agula mphaka m'thumba. Anatuluka, anayang'ana kumwamba, nkuona kuti galimoto ili pansi pa mtengo wa mango. Anaikankhira padzuwa. Patapita nthawi yoti munthu nkusenda chinangwa chimodzi, pagalasi panabwera kamuvi kofiira.

Anandifotokozera kuti kumwamba kutali kuli masetilaiti amene amazungulira, ndipo eliyo ija imafunika imve anayi kapena kuposa kuti idziwe pamene yaima. Akakhala ochepa imangoganizira. Ndinati ndiye ili ngati mlandu wa malire a munda, mboni imodzi siikwana. Anati eya, koma mboni izi sizidya nkhuku ya munthu.

Chomaliza chinali kakhadi, kochepa ngati chikhadabo, mmene munali mapu. Atakalowetsa ndinawerama kuti ndione. Msewu wa tala unalipo. Njanji inalipo, Shire analipo, anandiwerengera Phalula, Nkaya, Liwonde, Ulongwe. Ndinati andionetse kwathu. Anakankha galasi ndi chala, anakankhanso, nkufika poyera ngati chikhatho. Palibe msewu, palibe mjigo, palibe mzikiti.

"Alamu, ndi pano," anatero.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikulima pamtambo?"

Amene anandiyankha ndi mayi Gladys, amene ankayang'anira za magalimoto pa ofesipo, mayi wowonda wa ku Zomba, wosaseka kawirikawiri. Anati nkhani ndi imeneyo. Malole onyamula chimanga anali aganyu, ochokera ku Limbe, madalaivala ake osadziwa dera lathu. Kwinaku matumba ankasowa m'njira. Ndiye akuluakulu analamula kuti lole iliyonse izitsata ulusi wabuluu umene uli pa mapu, ndipo kakompyutako kazisunga paliponse pamene lole yadutsa. Dalaivala wopatuka pa ulusi amuyesa wakuba, ntchito yatha. Mudzi umene ulibe ulusi, lole siipitako. Anthu ake azikatenga ku Ulongwe wapansi. Kuchokera kwathu ndi maola anayi, munthu wodya mango owiritsa, thumba pamutu.

Ulusiwo unkapangidwa poyenda. Umadina pa galasi, nkuyendetsa galimoto, kakompyuta nkumaluka m'mbuyo mwako. Ntchito imeneyo anapatsidwa Che Uladi, midzi makumi atatu ndi kanthu m'sabata ziwiri. Njira zambiri sankazidziwa, minibasi siilowa m'midzi. Ine ndinayenda zaka makumi awiri ndi dengu la matemba a ku Chiuta, khomo ndi khomo, ndiye ndikudziwa khwawa lililonse ndi kumene limadzadza mvula ikagwa. Ananditenga. Ndinkakhala kutsogolo, lamba pachifuwa, nkumaloza. Iwo ankafuna njira yachidule, ine ndinkawauza kuti yachiduleyo mu Januwale imamiza ng'ombe. Tinkakangana tsiku lonse, koma ulusi umene tinaluka sabata ziwirizo palibe lole imene inatitimira nawo.

Kwathu tinasiya komaliza. Msewu wobwera kwathu ukafika pa mlambe waukulu umakhotera kumanzere, nkudutsa pakati pa nyumba za mudzi woyandikana nafe, kenako nkutsikira pa sukulu pamene ankati azigawira. Kumanja kwa mlambewo, kuseri kwa nyumbazo, ndi munda wanga. Tsikulo titafika pa mlambe tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Anali a Che Laisi, bambo wachikulire wosoka mphasa, amene nyumba yawo ili m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Ankati ndi chifuwa, koma tonse tinkadziwa kuti ankasiyira adzukulu mbale yawo. Msewu pamenepo ndi wopapatiza, ndiye amuna anali atakhala mumsewu momwemo, jeneza yonyamulira maliro ili pakhonde.

Che Uladi anaimitsa. Anati iwo sangaimitse anthu pamaliro kuti apatuke, makamaka ndi galimoto yolembedwa za chakudya pachitseko, pakhomo pa munthu amene chakudyacho chamuchedwera. Koma akazimitsa pamenepo ulusi uduka, ndipo mawa lake ulusi wonse unkapita kokakopera m'timakhadi ta malole. Tsiku lina panalibe.

Ndinene zoona, chifukwa anthu amakonda kunena kuti analakwitsa ndi mkamwini. Amene ananena ndine. Ndinati dutsani m'munda mwangamu, muli mapesi okhaokha, tikatulukira kuseri kwa sukulu. Anakhotera kumanja. Tinadutsa pang'onopang'ono pakati pa munda, kuchokera ngodya ino mpaka ngodya iyo, tinakafika pa sukulu, anadina galasi. Tinasiya galimoto pamenepo nkubwerera wapansi kukapepesa maliro, iwo kwa amuna, ine kwa Khadija, mkazi wa malemuwo. Zoti ulusi uja wagona m'munda mwanga palibe anaziganiza. Ine ndinkaganiza za Khadija, iwo ankaganiza zokanyamula jeneza.

Lole yoyamba inabwera mu Novembala, kusanagwe dontho. Inadutsa m'munda momwemo. Ndinamva, koma ndinali ndi thumba la chimanga pakhomo koyamba m'miyezi isanu, ndiye ndinangoti ndidzawauza alamu. Sindinawauze. Anjinga nawo anayamba kudutsa m'mapazi a lole. Ndinakonza mizere yanga pamwamba pake, ndinatchinga polowera ndi minga, nkuiwala.

Mvula inagwa kumayambiriro kwa Disembala, yeniyeni, ya usiku ndi usana. Ndinasomola pilo. Ndinabzala ndekha masiku atatu, maso atatu paphando, osalola munthu kundithandiza kuopa ena angaponye m'kamwa. Chinamera chonse. Patatha sabata ziwiri chinali chitapitirira kakolo, chili biriwiri.

Tsiku logawa la Disembala ndinali pamzere pa sukulu, khadi lolandirira chakudya m'manja. Ndinamva lole ikulira, koma kulirako kunkachokera kolakwika. Inatulukira kuseri kwa makalasi, matayala ali matope ofiira, ndipo m'matopemo munali masamba a chimanga.

Ndinasiya mzere nkupita kukaona. Minga anaikankhira pambali. Ngalande ziwiri zakuya mpaka m'bondo zinadula munda pakati, ndipo pamene lole inkaterereka inali itafufuta malo aakulu ngati bwalo la nyumba. Ndinabwerera nkukamupeza dalaivala akumwa madzi pamjigo. Dzina lake Goodwin, mnyamata wonenepa wa ku Bangwe. Ndinamufunsa ngati kwawo chimanga sachidziwa. Anati amachidziwa, mayi ake amalima, ndipo anaima pa mlambe nthawi ndithu mtima ukumuwawa. Koma mnzake anachotsedwa ntchito mwezi watha chifukwa chopatuka kukagula makala. Ananditengera kutsogolo kwa lole, nkundionetsa galasi. Ulusi wabuluu unali utagona m'munda mwanga, mwaudongo, monga tinaulukira.

Ndinati Lachisanu, pobwera ndi nandolo ndi mafuta, adzandipeza nditagona pa mlambe. Anati akadzandipeza sadzandiponda, adzatembenuka nkubwerera ku Liwonde ndi katundu yense, akalembe kuti msewu watsekedwa. Ananena mofatsa, osati mondiopseza. Azimayi amene anamva anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Wina anati munda ndi umodzi, mudzi ndi anthu mazana. Ndinamuuza kuti akapereke wake. Koma ndinkadziwa kuti pa mlambe sindikagona. Malole anali oti azibwera kawiri kapena katatu pamwezi mpaka Malichi, ndipo lole m'matope siiponda pomwe inaponda dzulo. Pofika Febuluwale sipakanatsala phesi.

Madzulo ake ndinapita kwa Nafisa. Che Uladi anali pakhonde, anali atamva kale. Ndinawauza kuti mkamwini amabwera kudzalima munda, osati kudzaikamo msewu wa boma. Akanatha kundikumbutsa amene ananena kuti tidutsemo. Sanatero. Anangofunsa kuti lero ndi lachingati. Linali Lolemba.

Lachiwiri anapita ku Balaka. Kumeneko zinthu zinali zopingasa. Pikapu yawo inali itafa giyabokosi, ili pa miyala. Galimoto ina inali ku Phalula sabata yonse. Munthu wa ku Lilongwe ankati abwera chaka chatsopano chikalowa. Mayi Gladys anati kufufuta ulusi wolakwikawo angathe pa kompyuta yawo ya pa desiki, koma akafufuta popanda wina wolowa m'malo, mudzi wathu ubwerera poyera paja. Che Uladi anafunsa ngati kakompyuta kamadziwa kuti kali m'galimoto. Mayiwo anati sakuganiza choncho, koma katundu wa bungwe satuluka pa geti popanda kalata, ndipo wosaina kalata ali ku Blantyre. Kenako anati iwo akupita kukadya, ndipo akadya amachedwa.

Che Uladi anamasula zonse ndi sikuludiraiva yofiira ija, kakompyuta, kachitsulo kake, eliyo, fyuzi, ndi batire ya pikapu yomwe. Anafika nazo kwathu pa kabaza, zili m'katoni ya sopo.

Lachitatu m'mawa ndinawapeza akumanga pa njinga ya Nafisa. Batire pa kaliyala, yomangidwa ndi malegeni. Kakompyuta pa handulo, atakaveka jumbo yoonekera chifukwa kunkawaza. Eliyo inavuta, maginito alibe pogwira, ndiye anakhomera chivundikiro cha chitini pamwamba pa ndodo nkuimika kumbuyo kwa chishalo. Chimene sindinachimvetse ndi nsungwi yaitali imene anaimanga chopingasa, yotulukira uku ndi uku. Anati Lolemba lija anayeza m'lifupi mwa lole ya Goodwin ndi mapazi. Njinga imadutsa paliponse, ndiye ikhoza kuluka ulusi woti lole singautsate. Pamene nsungwi yakana, lole idzakananso.

Tinayambira ku msewu wa tala, chifukwa anati ulusi wolumikiza pakati sakuukhulupirira. Sankakwera, ankakankha, pakatikati pa msewu, ine kumbuyo ndi chikwanje ndi bondo langali. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaona. Wina anafunsa ngati tikugulitsa wailesi yakanema, wina anati mkamwini wa kwa Dalesi wayamba kuwedza ndege. Che Uladi khutu loipa analilozetsa kwa iwo. Pamene nsungwi yakodwa m'tchire ndinkadula. Pa kalavati ina anaima, anatsika kukaona pansi pake, anaponda ndi mwendo, nkunena kuti ipirira. Dzuwa lili pamutu tinafika pa mlambe, nkukhotera kumanzere.

Pakhomo pa malemu Che Laisi nsungwi inakana. Khadija, poona kuti malole akudutsa kwina, anali atalima m'mphepete mwa msewu, mizere inayi yaitali kutsata mpanda wake, kulowa mpaka pakati. Munda wawo weniweni abale a mwamuna anali atautenga, chifukwa iye anachita kutengedwa kuchokera ku Ntaja, pamudzipo alibe mbumba. Chimanga chake chinali msinkhu umodzi ndi changa. Anatuluka, anaona nsungwi, anaona mizere yake. Anangokhala pansi pakhonde.

Ine ndinati msewu ndi msewu, aliyense akudziwa, kankhani. Che Uladi anatsamiritsa njinga pa mpanda, anavula kofiya, anapukuta thukuta, nkuivalanso.

"Alamu, ine ndinaponda kale munda wa mayi mmodzi. Wachiwiri iyayi."

Ndinawakumbutsa kuti Lachisanu ndi mkuja. Ndinawakumbutsanso amene anawapatsa pamene amalima. Anati akudziwa, ndipo ngati ndikufuna ndiwalande, koma njinga ikhala pomwepo mpaka ine ndi Khadija timvane. Batire ndi yodzadza, itha kudikira mpaka mawa. Anakakhala pa muzu wa mtengo nkuyamba kusenda waya ndi mano, ngati nkhaniyo si yawo.

Zaka zonse zimene akhala pamudzi pathu, munthu ameneyu anali asanandikanirepo kanthu. Ndinatukwana pang'ono. Kenako ndinayang'ana mizere ija. Chimanga chinali chaching'ono, dothi lonyowa, kumwamba kuli mitambo. Ndinaganiza za ngalande zija m'munda mwanga, zimene ndinalibe mbewu yobwezeramo, pilo anali atatha. Ndinamufunsa Khadija ngati anawokerapo chimanga. Anati fodya yekha ndi tomato. Ndinamuuza kuti atenge khasu ndi beseni.

Tinagwirizana pamaso pa Che Uladi ndi amuna awiri amene anali pafupi. Chimanga chake tichizula ndi dothi lake, tikachiwokere mmene munadutsa lole m'munda mwanga. Chimene chidzagwire ndi chake, adzakolola yekha. Chaka chamawa tidzaona. Nafisa anabwera, ndi azimayi ena atatu, mmodzi wa iwo ndi uja ankati munda ndi umodzi. Tinagaula ngalande zija, dothi litauma gwa ngati njerwa chifukwa cha matayala, tinaunda mizere, nkumanyamula mbande m'mabeseni. Che Uladi sanachoke pa njinga kuopa ana angadine galasi, koma mzere ukatha kuzulidwa ankausalaza ndi khasu. Dzuwa litapendeka nsungwi inadutsa. Anakankha mpaka pa sukulu, anadina, nkundionetsa. Ulusi unali utakhotera kumanzere pa mlambe. Pakhomo pa Khadija panali kamfundo, chifukwa kakompyuta kakaima nthawi yaitali kamanjenjemera nkumaluka pamalo amodzi.

Lachinayi anapita nako ku Balaka. Mayi Gladys anafufuta wakale, anaika watsopano, nkufunsa kuti mfundoyo ndi chiyani. Anawauza kuti pamenepo panali mlandu. Mayiwo anati aisiya, isavute. Kuchokera apo Che Uladi anapita ku nkhokwe ya ku Liwonde kumene malole ankapakira, nkudikira pa geti mpaka lole iliyonse yabwera, kuchotsa kakhadi kakale, kuika katsopano. Ya Goodwin inali yomaliza. Anamuuza kuti ayatse aone ndi maso ake, asadzanene kuti sanauzidwe.

Lachisanu sindinapite pamzere. Khadi ndinapatsa Nafisa, ine ndinakaima pa mlambe, kumbali ya munda wanga, manja kumbuyo. Lole inabwera cha m'ma teni, ikulira m'matope. Itayandikira inachepetsa. Goodwin sanandiyang'ane ine, sanayang'anenso msewu, maso ake anali pa galasi lija. Ndinaona manja ake akuzungulitsa chiwongolero. Inakhotera kumanzere. Podutsa pakhomo pa Khadija, tayala linaponda ndendende pamene panali mzere wachinayi. Atapitirira anatulutsa dzanja pawindo, kaya ankandipatsa moni kaya ankataya chitsotso cha chimanga, sindinaone bwino.

Za batire ndi kakompyuta zinamveka kwa bwana. Che Uladi anawapatsa kalata yowachenjeza, imene Nafisa anayalira pa shelefu. Ntchitoyo inatha yokha mu Malichi, kugawa kutatha. Anapempha kuti awapatse chogwirira cha mphira chija chimene anataya kumbuyo kwa pikapu, sindikudziwa ankachifuniranji, anawapatsa.

Chimanga chowokera sichinagwire chonse. Cha pamene lole inaterereka chinafota sabata yomweyo, dothi lake linali litafa. China chinagwira koma chinatsalira msinkhu, ukaima pa mlambe unkaona kanjira kakafupi kodutsa pakati pa chachitali. Mbozi zinabweranso chaka chimenecho, tinkathira dothi ndi phulusa m'maso mwa chimanga chimodzichimodzi. Komabe ine ndinadzadza nkhokwe kufika m'khosi, ndinasokanso pilo, ndipo Khadija anatulutsa madengu asanu ndi limodzi. Chaka chotsatira sanafunse, anangobwera ndi khasu, ine sindinamuletse. Akulimabe kachigawo komweko, kopingasa pakati pa munda wanga, ndipo timakangana za malire chaka chilichonse.

Che Uladi pano ali ndi kabenchi pa Ulongwe, pansi pa mtengo wa nimu. Amakonza magetsi a njinga zamoto za kabaza, ndi kumangirira mafoni pa handulo kuti anyamatawo aziona mapu. Zogwirira amapangabe ndi zitsulo za kaliyala. Tsitsi layera, khutu linanso layamba kuvuta. Akandiona ndikudutsa popita kuchipatala amandiitana kuti ndidzaone kwathu pa foni ya kasitomala, ndipo ine ndimawauza kuti kwathu ndikukudziwa. Nsungwi ija ili kwa Nafisa, amayanikapo zovala.